Mawu Ofotokoza Matenda a Maganizo pa Milandu ya Kupha Munthu

Mawu oyamba

Milandu ya kupha munthu m'dziko muno imazengedwa ku Bwalo Lalikulu, ndipo chiyankhulo cha bwaloli ndi Chingerezi. Komabe chigawo 42 cha Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 chimapatsa woimbidwa mlandu ufulu woti mlandu wake uzengedwe m'chiyankhulo chimene amamva, apo ayi pakhale womasulira. Choncho tsogolo la munthu limatha kutsamira pa mawu amene womasulira wasankha. Nkhani ino ikuunika mawu ogwiritsidwa ntchito dokotala wa matenda a maganizo akamaperekera umboni pa mlandu wotere.

Tiyerekeze kuti pa doko la Ngala, kumpoto kwa Dwangwa m'boma la Nkhotakota, msodzi wakantha mnzake ndi nkhafi usiku akukoka chilimira, mnzakeyo n'kumwalira. Mayi ake akuti mwana wawo "anazungulira mutu", alovi anzake akuti "chamupengetsa ndi chamba", pamene amalume ake akuti "anamulodza". Onsewa akunena za munthu mmodzi, koma palibe amene wayankha funso limene bwalo lidzafunse.

1. Chimene lamulo limafunsa

Gwero la lamuloli ndi mlandu wa ku London wa 1843. Daniel M'Naghten anawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel, ndipo bwalo linamupeza wosalakwa chifukwa cha misala. Chigamulochi chitautsa mapiri pachigwa, oweruza anakhazikitsa mfundo zimene zinadzafika ku Nyasaland pamodzi ndi malamulo a Angerezi.

M'buku lathu la malamulo a milandu ndi zilango, Penal Code, chigawo 11 chimati munthu aliyense amatengedwa kuti ndi wabwinobwino m'maganizo kufikira patapezeka umboni wotsutsa. Chigawo 12 chimachotsa mlandu pa munthu amene, pa nthawi yochita chinthucho, nthenda ya maganizo inamulepheretsa kuzindikira chimene akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita. Chigawo chomwecho chimaonjezera kuti wodwala amene nthenda yake sinamufikitse pamenepo akhoza kuyankhabe mlandu. Makolo athu anaiona kale mfundoyi pamene anati wamisala anaona nkhondo: kudwala sikuchotsa kuzindikira konse.

Motero mawu a Chingerezi akuti "insanity" si dzina la nthenda ayi, koma chigamulo cha bwalo. Dokotala amatchula nthenda. Bwalo ndiye limagamula. Tikamasulira zonse ziwiri ndi mawu amodzi akuti "misala", tasokoneza ntchito ya dokotala ndi ya woweruza.

2. Nthawi zitatu, mawu atatu

Umboni wa dokotala umafunika pa mafunso atatu osiyana, ndipo lililonse liyenera kukhala ndi mawu ake.

(a) Kodi lero lino munthuyu angathe kutsatira mlandu wake ndi kudziteteza? Apa tinene kuti "kutha kuyankha mlandu". Ngati sangathe, mlandu umaimitsidwa kuti ayambe walandira chithandizo.

(b) Kodi maganizo ake anali otani pa usiku wa imfa ija? Apa tinene kuti "kusazindikira chifukwa cha nthenda ya maganizo". Wopezeka wotere samasulidwa kuti azipita kwawo monga ambiri amaganizira. Bwalo limalamula kuti akasungidwe ku chipatala. Mtolankhani akalemba kuti "bwalo lamumasula", amakwiyitsa ofedwa popanda chifukwa.

(c) Ngati wapezeka wolakwa, kodi nthenda yake ingapepuze chilango? Apa tinene kuti "zifukwa zopepuzira chilango". Funsoli linakula mu 2007, pamene pa mlandu wa Kafantayeni bwalo linagamula kuti kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wa kupha, popanda kumva mbiri yake, n'kosemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Kuyambira 2015 akaidi oposa 150 anamvedwanso za chilango chawo, ndipo thanzi la maganizo linali limodzi mwa zinthu zimene oweruza analingalira.

3. Mawu oterera

Maganizo ndi ubongo. Ubongo ndi chiwalo cha m'mutu, pamene maganizo ndi kulingalira, kukumbukira ndi kuzindikira. Lamulo limanena za maganizo. Nthenda ya m'thupi imalowamo ngati yasokoneza maganizowo: mu 1983, pa mlandu wa Sullivan ku England, oweruza anati khunyu likhoza kuwerengedwa motero. Tisamalenso chifukwa m'Chichewa "ali ndi maganizo" amatanthauza nkhawa.

Kumva mawu. Dokotala akafunsa ngati wodwala amamva mawu, amatanthauza mawu a anthu amene palibe. Msodzi wa ku Ngala akafunsidwa kuti "Kodi mumamva mawu?" adzayankha kuti inde, chifukwa si wogontha, mayi ake adzati inde, chifukwa ndi mwana womvera. Womasulira atsirize funso: "Kodi mumamva mawu oyankhula nanu pamene palibe munthu, amene anzanu sawamva?"

Kulakwa. Mawuwa amasenza katundu wambiri: kuphonya, kuchimwa ndi kupezeka ndi mlandu. Munthu akati "ndinalakwa" mwina akungodandaula kuti zinthu zinaipa. Chimodzimodzi "ndikuvomera" akhoza kutanthauza kuti nkhafi anaigwiradi, osati kuti anapha mwadala akuzindikira. Pofunsa, tisiyanitse "kuvomera kuti unachita" ndi "kuvomera mlandu".

Kulodzedwa. Chikhulupiriro chimene mudzi wonse uli nacho si chizindikiro cha nthenda mwa icho chokha. Chimene dokotala amafufuza ndi chikhulupiriro chokhazikika cha munthu mmodzi, chimene ngakhale abale ake amachiona kuti n'chachilendo ndipo sichisunthika ndi umboni uliwonse. Tichitche "chikhulupiriro chobwera ndi nthenda". Womasulira abwereze mawu a mboni monga momwe awanenera, asawasandutse "misala".

Kuzerezeka ndi kuledzera. Kuchepa kwa nzeru kochokera ku ubwana si misala, ndipo timakutcha "kulumala kwa nzeru". Kuledzera ndi kachasu kapena chamba mwa kufuna kwa mwini kuli ndi chigawo chakechake m'malamulo, ndipo kawirikawiri sikuchotsa mlandu.

4. Ulemu ndi kalembedwe

Chisamaliro cha odwala maganizo chinayambira ku ndende ya Zomba mu 1910, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Mbiri imeneyi inasiya chizolowezi choona wodwala ngati mkaidi. Lero kulinso chithandizo cha a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo mawu athu ayenera kusonyeza kuti tikunena za odwala. M'mabuku a sukulu ndi m'nyuzipepala tipewe "chitsiru", "chidzete" ndi "wopenga". Tilembe "munthu wodwala matenda a maganizo". Pa kalembedwe, tilumikize "wamisala" akakhala dzina la munthu monga m'mwambi uja, koma tilekanitse "matenda a misala". Tisaiwalenso chizindikiro cha kudumpha kwa lembo m'mawu akuti "m'maganizo".

Mawu omaliza

Mawu taperekawa ndi oti ayesedwe, osati lamulo. Tikupempha aphunzitsi, akonzi ndi omasulira m'mabwalo, makamaka a m'mbali mwa nyanja kumene Chichewa chimakumana ndi Chitonga, kuti atilembere mawu amene anthu amagwiritsadi ntchito. Banja la womwalira ku Ngala liyenera kumva chifukwa chimene bwalo lagamulira motero, ndipo woimbidwa mlandu ayenera kumva funso asanaliyankhe.