Zotsatira zoonetsa kuchepa kwa ma platelet: nthawi zina gwero lake ndi kabotolo

Nkhani ino ikudziwitsa anthu a m'boma la Rumphi chifukwa chimene odwala ena amapemphedwa kuti atengedwenso magazi kachiwiri, ngakhale kuti sanalakwitse chilichonse.

M'magazi muli tizidutswa totchedwa ma platelet, timene timatseka bala kuti magazi aleke kutuluka. Munthu wathanzi amakhala ndi ma platelet pakati pa 150,000 ndi 450,000 pa mayikolita imodzi ya magazi. Kuti awerengedwe, magazi amaikidwa m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, momwe muli mankhwala a EDTA oletsa magazi kuundana.

Mwa anthu ochepa, pafupifupi mmodzi pa anthu 1,000, mankhwalawa amachititsa kuti ma platelet amatirirane m'magulumagulu. Izi zimachitika m'kabotolo mokha, osati m'thupi, ndipo zimakula magaziwo akamazizira komanso akachedwa kuyezedwa. Makina owerengera amazindikira tizidutswati potengera kukula kwake. Gulu lomatirirana limawakulira, motero salowerenga ngati ma platelet, mwinanso amaliika m'gulu la maselo oyera. Pepala limatuluka ndi nambala yoopsa, pamene mwini wake wangochoka kumene kumunda wa fodya ali bwinobwino.

Nambala yotereyi ikakhulupiriridwa msanga, opaleshoni imatha kuimitsidwa, kapena munthu wa ku Bolero kapena Hewe kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, n'kuwononga ndalama ndi masiku antchito pa matenda amene alibe.

Kutsimikizira n'kosavuta. Katswiri wa m'labotale amapaka dontho la magazi pagalasi ndi kuliunika pa maikulosikopu, pomwe magulu aja amaoneka poyera. Kenako amatenga magazi ena m'kabotolo ka chivindikiro chabuluu, kokhala ndi mankhwala a sodium citrate, ndi kuwayeza mwamsanga. Wopezeka ndi zimenezi safunika mankhwala alionse, koma apemphe kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala ndipo aziwauza achipatala nthawi zonse akamatengedwa magazi.

Komabe pasakhale kudzinamiza. Malungo amatsitsadi ma platelet, ndipo zimenezi n'zofala kwambiri kuposa vuto la kabotolo. Aliyense amene akutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, akuona timadontho tofiira pakhungu, kapena akutentha thupi, apite tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Rumphi, ku David Gordon Memorial ku Livingstonia, kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi.