Mitengo ikakwera, msonkho umapita kuti?

Pamsika wa Chiringa, kufupi ndi phiri la Michesi m'boma la Phalombe, pamatoleredwa misonkho iwiri. Wina umaoneka: ndi chiphaso chomwe wakhonsolo amadulitsa mayi wogulitsa tomato kapena bambo wa benchi la usipa. Winawo ndi VAT, yemwe amabisala mumtengo wa katundu wambiri wa m'magolosale.

Mitengo ya zinthu ikamakwera, misonkho iwiriyi siyendera limodzi.

VAT, yemwe adalowa m'malo mwa surtax m'chaka cha 2005, amatoleredwa ndi bungwe la MRA ndipo ndalama zake zimapita kuthumba la boma lalikulu. Kwa zaka zambiri msonkhowu udali K16.50 pa K100 iliyonse, mpaka kumapeto kwa 2025 pomwe boma lidalengeza zoukweza kufika pa K17.50.

Poti amawerengera pamtengo, katundu akakwera msonkho nawo umakwera wokha. Pamlingo wakalewo, katundu wa K1 000 ankapatsa boma K165, ndipo akafika pa K2 000 boma linkalandira K330. Ngakhale mwini hokala yemwe sadalembetse ku MRA amaulipira pooda katundu ku Limbe, kenaka n'kuukankhira kwa wogula.

Chiphaso ndi nkhani ina. Mtengo wake umakhazikitsidwa ndi khonsolo ndipo susuntha pokhapokha khonsoloyo itagwirizana zoukweza, zomwe nthawi zambiri zimautsa mapiri pachigwa ndi ochita malonda.

Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Simenti, malata ndi mafuta agalimoto zikakwera motere koma chiphaso chili pomwepo, ndalama yosesera msika, kukonzera zimbudzi ndi kumangira mashedi imasanduka yosaoneka mutu wake.

Ku Phalombe izi zidangowonjezera chilonda pabala, poti mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda, nyumba ndi milatho, anthu n'kutsala manja ali m'khosi.

Koma nalo boma lalikulu silingavine kuti lalemera. Ndalama zingachuluke papepala, koma mankhwala a m'zipatala ndi feteleza zomwe limagula kunja nazo zimakhala zakwera. Komanso banja likapanikizika limathamangira chimanga, chomwe chilibe VAT, n'kusiya zovala ndi ziwiya zomwe msonkho umachokera.

Choncho pomwe nandolo sadagulidwe bwino, wagolosale amangokhala akuingitsa ntchentche, wapabenchi amazemba wachiphaso, ndipo khonsolo imabwerera ndi thumba lopepuka.

Apa khonsolo imakhala pamphambano. Ikakweza chiphaso, ikufinya anthu omwe afinyika kale; ikachisiya, msika usanduka dzala, dzinja likafika kolera n'kumadzagogoda.

Chomwe ochita malonda ali nacho m'manja ndi ufulu wofunsa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama kuti azitumikira anthu awo. Wodula chiphaso aliyense ayenera kulandira lisiti, ndipo kudzera mwa khansala kapena komiti ya msika, angathe kufunsa kuti zatoleredwa zingati nanga zagwira ntchito yanji pa Chiringa pomwepo.