Oyendetsa mahelikoputa a usiku a gulu la 160

Gulu la 160th Special Operations Aviation Regiment, lodziwika ndi dzina loti Night Stalkers, ndi la oyendetsa mahelikoputa a asilikali a ku America. Ntchito yawo n'kukatula asilikali apadera, monga a Delta Force ndi Navy SEALs, pamalo pomwe adani sakuwayembekezera, kenako n'kukawatenga. Likulu lawo lili ku Fort Campbell, m'chigawo cha Kentucky.

Gululi linayamba chifukwa cha tsoka. Mu Epulo 1980, dziko la America linayesa kukapulumutsa anthu ake amene anagwidwa pa ofesi ya kazembe ku Tehran, m'dziko la Iran. Mahelikoputa 8 ananyamuka pa sitima yankhondo ya Nimitz, koma chifukwa cha mkuntho wa fumbi ndi kufa kwa zipangizo, anatsala 5 okha otha kupitiriza ulendo, pomwe pankafunika 6. Ntchitoyo inalephereka, ndipo pokonzekera kubwerera, helikoputa imodzi inawombana ndi ndege ya C-130 m'chipululumo. Asilikali 8 anafa. Akuluakulu anaona kuti oyendetsa ndege ongotoleredwa uku ndi uku sangaithe ntchito yotere. Choncho pa 16 Okutobala 1981 anakhazikitsa gulu lokhalitsa, potenga anthu m'gulu la 101st Airborne Division.

Ambiri amaganiza kuti chinsinsi cha gululi chili m'makina odabwitsa. Koma luso lawo lenileni ndi kuuluka pafupi kwambiri ndi nthaka mumdima. Makina a radar amavutika kuona ndege imene ikutsata zigwa ndi kubisala kuseri kwa mapiri, ndipo munthu wapansi amamva phokoso lake itamufika kale. Kuti aone njira, oyendetsawo amavala magalasi oonera usiku, amene amakulitsa kuwala kochepa kwa mwezi ndi nyenyezi kambirimbiri. Magalasiwa sasandutsa usiku kukhala usana ayi. Munthu amaona kachigawo kochepa ka kutsogolo, pafupifupi madigiri 40, ngati akusuzumira pa paipi. Kuti adziwe zili kumbali, amayenera kumangotembenuza mutu ulendo wonse. Kuyeza kutalika kwa chinthu kumavuta, ndipo mawaya a magetsi saoneka msanga. M'zaka zoyambirira za m'ma 1980 magalasiwa anali osalongosoka, moti anthu angapo a m'gululi anafa pa maphunziro, nkhondo asanaione n'komwe. Njira zambiri zoulukira usiku zimene asilikali amaphunzitsa lero zinagulidwa ndi miyoyo imeneyo, ndipo n'zachisoni kuti anthuwa satchulidwa kawirikawiri.

Chinanso ndi nthawi. Lamulo la gululi ndi loti afike pamalo osachedwa kapena kufulumira kupitirira masekondi 30, ngakhale ulendo utakhala wa maola ambiri. Akafulumira, adani amagalamuka ena asanakonzeke. Akachedwa, anzawo apansi amatsala pambalambanda.

Mahelikoputa awo ndi a mitundu itatu. Little Bird ndi yaing'ono, imatera pamsewu kapena padenga, asilikali atakhala pa timabenchi takunja. Black Hawk ndi yapakatikati. Chinook, ya zikupizo ziwiri zikuluzikulu, imanyamula anthu ambiri ndipo imathiridwa mafuta ili m'mlengalenga. Mu 1988 Chinook inakanyamula helikoputa yankhondo ya Mi-25 imene asilikali a Libya anaisiya m'chipululu ku Chad.

Helikoputa imakhala pangozi yaikulu ikamauluka pang'onopang'ono kapena ikaima m'malere kuti asilikali atsetsereke pa chingwe. Ku Mogadishu, m'dziko la Somalia, pa 3 Okutobala 1993, gululi linagwira ntchito masanasana, popanda mdima woliteteza. Ma Black Hawk awiri anagwetsedwa ndi mizinga yonyamula paphewa ya RPG. Asilikali 18 a ku America anaphedwa, Asomali anafa mazanamazana, ndipo woyendetsa wina, Michael Durant, anagwidwa n'kusungidwa masiku 11.

Nthawi zina mdani amakhala mphepo yeniyeniyo. Usiku wa pa 1 kuchera pa 2 Meyi 2011, ma Black Hawk awiri okonzedwa mwapadera kuti radar isawaone anachoka ku Jalalabad, ku Afghanistan, kupita ku Abbottabad, ku Pakistan, kumene kunkabisala Osama bin Laden. Pokonzekera, anayeserera pamalo otchingidwa ndi waya, koma nyumba yeniyeniyo inali ndi mpanda wautali wolimba. Mphepo ya zikupizo inabwerera pampandapo, kunja kunali kotentha, ndipo helikoputa imodzi inataya mphamvu yoima m'malere. Woyendetsa anaigwetsa mwaluso, popanda womwalira. Asilikali anaiphulitsa pochoka, Chinook n'kubwera kudzanyamula otsalawo. Mchira wa helikoputa yophulitsidwayo unatsala kunja kwa mpanda, ndipo zithunzi zake ndi zimene zinaululira dziko kuti America ili ndi helikoputa ya mtundu umenewo.