Mpungabwe: Wokometsa Ndiwo, Osati Mankhwala a Malungo

M'sewero la pa wailesi tinamva agogo ena akuwiritsira mdzukulu wawo masamba a mpungabwe, mwanayo atatentha thupi. Pokambirana za seweroli, amayi ambiri anafunsa kuti: kodi chitsamba chimenechi ndi mankhwala, kapena ndi chakudya?

Mpungabwe timaudziwa tonse. Umamera wokha m'mphepete mwa minda ndi m'mabwinja, ndipo ukafikisa tsamba lake m'manja fungo limakhala nthawi yaitali. Koma chitsambachi chili ndi abale ake m'maiko ambiri, ndipo pa Chingerezi onsewa amatchedwa basil. Wa masamba aakulu, ofewa ndi onyezimira ndi umene amaukonda ku Italy, ndipo mbewu zake zimapezeka m'masitolo ena a m'tauni. Ku Thailand kuli wa tsinde lofiirira umene amathira m'nyama ndi m'nsomba. Ku India kuli wotchedwa tulsi, umene Ahindu amaulemekeza ndi kuubzala pakhomo. Wathu wakutchirewu fungo lake ndi laukali kuposa wa ku Italy, choncho poyesa kuphikira yambani ndi masamba awiri kapena atatu okha. Funsani munthu wamkulu woudziwa bwino akuonetseni, chifukwa zitsamba zonunkhira zilipo zambiri.

Nanga phindu lake m'thupi ndi lotani? Masamba ake ali ndi vitamini K ndiponso zimene thupi limapangira vitamini A. Koma tinene zoona, timasamba tochepa timene munthu amathira mu mphika sitingalowe m'malo mwa bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru. Phindu lake lenileni lili pa kukoma. Ndiwo zikamanunkhira bwino, munthu amene wangochira kumene kapena mayi woyembekezera amene chakudya sichikumukomera amadyako. Chinanso, ndiwo zonunkhira sizifuna mchere wambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo mchere umene uli kale mu buledi, m'nsomba zouma ndi m'zokometsera zogula. Ngati ku sikelo anakuuzani kuti magazi anu akuthamanga, mfundo imeneyi ndi yanu.

Pophika kumbukirani kuti moto umathawitsa fungo lake. Tsukani masamba ndi madzi aukhondo, ang'ambeni ndi manja, ndipo muwathire mphika uli pafupi kuphulidwa. Amagwirizana kwambiri ndi matimati, kotero yesani mu nyemba, mu mazira okazinga, mu usipa kapena mu nkhuku. Anthu a mumzinda wa Genoa ku Italy amasinja masambawa mu kamtondo pamodzi ndi adyo, njere za mtengo wa paini, tchizi ndi mafuta, ndipo chimene chimatulukacho amachitcha pesto. Ife mtondo tili nawo kale. Sinjani masamba odzaza dzanja limodzi ndi mtedza wokazinga, adyo pang'ono ndi supuni ya mafuta ophikira, kenaka thirani pa mbatata yophika, pa chinangwa kapena pa mpunga. Masamba akachuluka, ayanikeni pa mthunzi, osati padzuwa, ndi kuwasunga m'botolo lotseka bwino.

Kubzala sikufuna dimba. Ndowa yobooka kapena chitini chachikulu ndi chokwanira, bola madzi azituluka pansi. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana, fesani mbewu pamwamba ndi kukwirira pang'ono chabe, popeza njere zake ndi zazing'ono kwambiri. Zimamera pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Njira yachidule ndi kupempha kanthambi kwa mnzanu, kuthothola masamba a m'munsi ndi kukaika m'kapu ya madzi. Pakatha sabata imodzi kapena awiri katulutsa mizu, ndipo mukhoza kukawokera. Ikani padzuwa, thirirani dothi likayamba kuuma, ndipo kutetezeni ku nkhuku. Mpungabwe sukonda chisanu, ndiye kumadera ozizira monga ku Dedza, m'miyezi ya Juni ndi Julayi umakula monyinyirika. Muzibudula nsonga kawirikawiri kuti uchite nthambi zambiri, ndipo maluwa akayamba achotseni, kupatula pa tsinde limodzi losungira mbewu.

Tsopano za udzudzu. Makolo athu sanalakwe poika nthambi za mpungabwe m'nyumba kapena kuzifukiza madzulo, pakuti fungo lake udzudzu suulikonda. Koma fungolo limatha msanga, pamene udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku anthu ali m'tulo. Choncho gonani m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, makamaka amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka zisanu.

Ndipo madzi owiritsa a mpungabwe sapha tizilombo ta malungo. Mwana akatentha thupi, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze magazi. Akamupeza ndi malungo adzalandira mankhwala, monga LA amene Malawi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ndipo amalize onse monga mwa malangizo. Kudikira kuti tione ngati masamba agwira ntchito kumapatsa mpata malungo kuti akule, mpaka mwana kuyamba kukomoka kapena kuchepa magazi.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asamwetsedwe madzi a masamba aliwonse, ngakhale apongozi atanena kuti m'mimba mukumupota. Bere lokha ndi lokwanira. Mayi woyembekezera akhoza kudya mpungabwe wa mu ndiwo popanda nkhawa, koma asamwe wowiritsa wambiri ngati mankhwala asanafunse a zaumoyo ku sikelo.