Maluwa Omera pa Mitengo ku Dowa ndi Ntchisi

Alimi anzathu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mukamayenda m'nkhalango mumaona timaluwa tating'ono tomera pa nthambi za mombo ndi msuku, kutali ndi nthaka. Akatswiri a zomera amati maluwa awa ndi a banja la orchid, abale ake a cikande cimene cimakumbidwa m'madambo. M'dziko lathu muli mitundu yoposa 400 ya banja limeneli, ndipo Brian Morris analemba buku la mitundu yomera pa mitengo m'caka ca 1970.

Ambiri amayesa kuti timaluwa iti timayamwa mtengo. Si tero ai. Mtengo ndi pokhalapo pokha. Mizu yace yoyera, yonga thonje, imamwa mame, mvula ndi nkhungu ya m'mapiri. Mtundu wina, Microcoelia, ulibe masamba konse. Mizu ndiyo imagwira nchito ya masamba, ndipo ikanyowa imabiriwira. Njere zace n'zazing'ono ngati fumbi, zimauluka ndi mphepo, ndipo sizimera popanda kabowa kosaoneka ndi maso kokhala m'khungwa. Cifukwa cace zimacuruka pa mitengo yakale yokha, monga ya m'nkhalango ya Ntchisi imene Boma linaipatula m'caka ca 1924.

Adani ace ndi awiri: nkhwangwa ndi moto. Tikadula mtengo waukulu kuti tiwotce makala kapena tifukize fodya, tapha maluwa a zaka zambiri tsiku limodzi. Moto wa mu October umapsereza nthambi. Mitengo yomweyi ndiyo imasunga akasupe othirira madimba athu. Kumene maluwa awa atha, madzi nawonso amayamba kucepa.

Mukapeza duwa pa nthambi yogwa m'munda mwanu, musalibzale m'dothi, pakuti mizu idzawola. Dulani nthambiyo pamodzi ndi duwa, muimange ndi luzi pa mtengo wa mthunzi wopepuka, pamene mphepo ipita. M'cilimwe muziwaza madzi pang'ono m'mawa kuti pofika madzulo mizu iume. Manyowa safunika.

M'nkhalango ya Boma musazule kanthu popanda cilolezo ca a Zankhalango. Tiyeni tisiye mitengo ikuluikulu m'mbali mwa mitsinje, kuti ana athu adzapeze maluwa ndi madzi omwe.