Kodi Mumadziwa? Kagitala ka Nsambo Zinayi Kotchedwa Ukulele

Kodi mumadziwa kuti ukulele, kagitala kamene dziko lonse limati n'ka ku Hawaii, makolo ake ndi a ku Portugal? Mu Ogasiti 1879 sitima yapamadzi yotchedwa Ravenscrag inakocheza padoko la Honolulu itanyamula anthu a pachilumba cha Madeira cha ku Portugal, obwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. M'gululo munali amisiri atatu a matabwa: Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo. Atathana ndi za kumunda, anayamba kusema tizoimbira tofanana ndi takwawo, braguinha ndi rajão, koma pogwiritsa ntchito mtengo wa ku Hawaii wotchedwa koa. Ukulele unabadwira m'manja mwawo. Mfumu Kalākaua inaukonda kwambiri, moti pa zisangalalo za kunyumba yachifumu sunkasowa.

Nanga dzinalo? M'chilankhulo cha ku Hawaii limatanthauza nthata yodumpha. Ambiri amati linabwera chifukwa cha mmene zala za woimba zimadumphira pansambo. Mukaonera katswiri akuimba, simungatsutse.

Kodi mumadziwa kuti kanema mmodzi yekha anasintha mmene anthu ankaonera kachida aka? Kwa zaka zambiri ukulele unkatengedwa ngati choseweretsa ana, kapena choimbira cha anthu oseketsa anzawo pasiteji. Ndiye mu 2006 munthu wina anaika pa YouTube kanema wa mnyamata wa ku Honolulu, Jake Shimabukuro, atakhala pansi mu Central Park mumzinda wa New York, akuimba While My Guitar Gently Weeps, nyimbo ya George Harrison. Jake mwiniwakeyo sankadziwa n'komwe kuti kanemayo waikidwa pa intaneti. Anangomva kwa anzake kuti anthu miyandamiyanda akumuonera.

Ine kanemayu ndinamuonera pafoni, ndipo ndinamubwereza kangapo usiku womwewo tulo tisanabwere. Amayamba mwakachetechete, nsambo imodziimodzi, ngati munthu amene akudandaula chamumtima. Kenako dzanja lamanja limayamba kuthamanga mpaka zala osaonekanso, ndipo umamva zinthu zitatu pakamodzi: mawu a nyimbo, mavume ake, ndi kugunda konga kwa ng'oma. Palibe woimba pakamwa, palibe gulu kumbuyo kwake. Nsambo zinayi basi. Chimene chinandigwira mtima si liwiro ayi, koma pamene amabweza dzanja n'kusiya nsambo imodzi ikulira yokha mpaka kuzilala. Anthu othamangitsa zala alipo ambiri. Odziwa poimira ndi ochepa.

Jake anabadwa mu 1976, ndipo amene anamugwiritsa ukulele koyamba ndi mayi ake, iye ali ndi zaka 4. Mu 2009 anaimba pamaso pa Mfumukazi Elizabeth II ku Blackpool, limodzi ndi Bette Midler. Chaka chotsatira, pamsonkhano wa TED, anaimba yekha Bohemian Rhapsody, nyimbo ya gulu la Queen imene pojambula inafuna mawu osanjikizana ambirimbiri.

Ndipo mumadziwa kuti George Harrison mwiniwake, woliza gitala wa The Beatles, ankaukonda ukulele koopsa? Ankagula ambiri n'kumagawira anzake kuti aziimba naye.

Jake sanagwe kumwamba. Asanabadwe iye, Eddie Kamae anali atayamba kale kuimba pa ukulele nyimbo zovuta za jazi ndi za ku Latin America, zimene anthu ankati n'zosatheka pa kachida kotere. Kamae anaphunzitsa Herb Ohta, wodziwika ndi dzina loti Ohta-San. Ohta naye anaphunzitsa Roy Sakuma, amene mu 1971 anayambitsa chikondwerero cha ukulele ku Waikiki ndipo waphunzitsa ana osawerengeka. Luso limeneli lakhala likupatsirana ngati moto wa pamudzi, khomo ndi khomo.

Kodi mumadziwa kuti ena mwa maukulele abwino kwambiri anapangidwa ndi anthu osamva? Kampani ya Kamaka, imene Samuel Kamaka anayambitsa ku Honolulu mu 1916, inayamba kulemba ntchito amisiri osamva m'zaka za m'ma 1950. Iwo ankagogoda thabwa ndi chala, n'kumva kunjenjemera kwake m'manja, n'kudziwa ngati lapalidwa mokwanira. Nkhani imeneyi ndikaikumbukira ndimakhala chete pang'ono. Kampani yomweyi ndi imene inatchukitsa ukulele wooneka ngati chinanazi.

Palinso usiku wina wa mu 1988. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, Israel Kamakawiwoʻole anafika pa situdiyo ina ku Honolulu ndi ukulele wake, nakhala pansi, naimba Somewhere Over the Rainbow kamodzi kokha, osabwereza. Nyimboyo inatuluka mu 1993 m'chimbale cha Facing Future, ndipo mpaka lero imamveka m'mafilimu, pamaukwati ndi pamaliro m'maiko ambiri. Kaimbidwe kake n'kosavuta, wophunzira wa miyezi yochepa angakatsanzire, koma kufatsa kwake ndi kumene kumavuta. Iye anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 38, ndipo thupi lake linagonekedwa kunyumba ya malamulo ya Hawaii kuti anthu alione komaliza.

Zina mwachidule. Ku America ukulele unatchuka kuyambira pachionetsero chachikulu cha ku San Francisco mu 1915. Ku Halifax m'dziko la Canada, mphunzitsi J. Chalmers Doane anaulowetsa m'sukulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mu 2009, ku Royal Albert Hall ku London, gulu la Ukulele Orchestra of Great Britain linaimba Ode to Joy ya Beethoven pamodzi ndi anthu pafupifupi 1,000 amene anabwera ndi maukulele awo. Mu 2016 Grace VanderWaal, mtsikana wa zaka 12, anapambana mpikisano wa America's Got Talent akuimba nyimbo zopeka yekha, ukulele uli pachifuwa.

Kodi mumadziwa kuti chala chimodzi n'chokwanira kuti muyambe? Maukulele odziwika kwambiri alipo a misinkhu inayi: soprano, concert, tenor ndi baritone. Atatu oyambawo amachunidwa G, C, E, A, ndipo pa ambiri nsambo yapamwamba ija ya G imalira mokweza kuposa C yoyandikana nayo, n'chifukwa chake kamvekedwe kake kamakhala kowala, kosiyana ndi ka gitala. Nsambo zake n'za nayiloni, sizicheka zala ngati mawaya a mabanjo a zigubu amene ambirife tinkakhoma tili ana. Dinani nsambo yapansi pa mpata wachitatu wa pakhosi pake, n'kutsitsa dzanja lamanja pansambo zonse: imeneyo ndi kiyi ya C. Mukaonjezera F ya zala ziwiri ndi G7 ya zala zitatu, nyimbo zambiri za kutchalitchi mwaziperekeza kale.

Wanga ndinagula wa concert, patangopita milungu yochepa nditaonera kanema uja. Madzulo aliwonse ndimakhala nawo pakhonde kwa theka la ola. Panopa ndikulimbana ndi poyambira pa nyimbo ya Harrison ija, pamene Jake amaliza nsambo imodziimodzi dzanja lisanayambe kuthamanga.