Apolisi akamadzifufuza okha, choonadi chimachedwa

M'mawa wa pa 24 Seputembala 2011, mtembo wa Robert Chasowa unapezeka pansi pa nyumba ina pasukulu ya Polytechnic mumzinda wa Blantyre. Chasowa anali wophunzira pasukulupo ndipo ankadziwika ndi kudzudzula boma la Bingu wa Mutharika. Pasanathe masiku, apolisi anali atalengeza kale kuti mnyamatayo anadzipha yekha podziponya kuchokera pamwamba, ndipo anatchula za kalata yomwe ankati anasiya.

Katswiri wopima mitembo, Dr. Charles Dzamalala, anapeza zosiyana: mabala a m'mutu ankaonetsa kuti munthuyo anachita kumenyedwa. Mu 2012, komiti yofufuza yomwe anakhazikitsa Joyce Banda atakhala mtsogoleri wa dziko, motsogozedwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, inanena poyera kuti Chasowa anaphedwa.

Omwe anamva mawu oyamba a apolisi pa wailesi chaka chimenecho sanaiwale. Panali patangopita miyezi iwiri kuchokera pa zionetsero za pa 20 Julayi, pomwe anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri mwa iwo atawomberedwa, ndipo Mzuzu ndiye anataya anthu ochuluka. Mneneri wa apolisi akamayankhula lero za woganiziridwa yemwe "wadwala mwadzidzidzi" m'chitokosi, amayankhula kwa anthu omwe anamvapo kale nkhani ya kalata ija. Akhoza kukhala akunena zoona ndithu, koma ngongole ya akuluakulu ake akale akuilipira ndi iye.

Pa pepala, apolisi athu anasintha kalekale. Anayamba mu 1921 ngati gulu la atsamunda lotchedwa Nyasaland Police Force, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi ntchito yawo inali yoopsa anthu kuposa kuwatumikira. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, dzina linasintha n'kukhala Malawi Police Service, kusonyeza kuti ntchito yawo ndi utumiki. Kunabwera apolisi a m'madera, kenako maofesi othandiza ochitiridwa nkhanza, omwe amayi ndi ana ambiri apezako thandizo lenileni. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira m'chiyankhulo chomwe amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48.

Ufulu umenewu umayambira pakamwa pa wapolisi. Ngati iye sanena, mlimi wa ku Nkhoma kapena wakabaza wa ku Lunzu adziwa bwanji? Ambiri amangomva kuti "tiyeni, mukafotokoza kutsogoloko," ndipo kutsogoloko amakapeza achibale akusonkherana ndalama ya belo yomwe akuluakulu a polisi amalengeza mobwerezabwereza kuti ndi yaulere.

Mayeso Gwanda anakana kungokhala chete. Mu 2015 anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, pa mlandu wongoyendayenda popanda cholinga. Anautengera kubwalo lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza anagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, yomwe apolisi ankagwiritsa ntchito pokokolola anthu osauka usiku, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Wogulitsa majumbo anaphunzitsa boma malamulo ake omwe.

Koma pomwe khalidwe la apolisi limayesedwa kwambiri ndi pamene wolakwayo ali mnzawo wa yunifolomu. Mu Febuluwale 2019, Buleya Lule, yemwe ankaganiziridwa pa nkhani yoba mnyamata wachialubino m'boma la Dedza, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dzamalala yemwe uja atapima mtembo anapeza kuti Lule anazunzidwa ndi magetsi, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linatsimikiza kuti anachitidwa nkhanza ali m'chitokosi. Imfayo inapweteka pawiri. Munthu anafa asanaweruzidwe, komanso dziko linataya munthu yemwe ambiri ankayembekeza kuti aulula omwe amatuma anthu kupha anzathu achialubino. Zinatenga zaka zoposa zisanu kuti bwalo lalikulu ku Lilongwe lipeze apolisi asanu ndi mmodzi olakwa pa imfayi, kumapeto kwa 2024.

Chaka chomwecho cha 2019, pa 8 Okutobala, wapolisi Usumani Imedi anaphedwa mwankhanza ndi gulu la anthu ku Msundwe, pamsewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji. Imfa yake inali yomvetsa chisoni, ndipo palibe wanzeru angaichepetse. Anali pantchito, anali ndi abale omudikira kunyumba. Zomwe zinatsatira ndi zomwe zinadetsa yunifolomu. Apolisi analowa m'midzi ya ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, kuthira utsi wokhetsa misozi m'nyumba, ndipo amayi ndi atsikana anadandaula kuti anagwiriridwa. Likulu la apolisi ku Area 30 linalonjeza kufufuza lokha. Anatulutsa lipoti poyera ndi a Malawi Human Rights Commission, ndipo anapita kukhoti m'malo mwa amayi ndi atsikana 18 ndi a bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association. Mu Ogasiti 2020, Jaji Kenyatta Nyirenda anagamula kuti amayiwo apatsidwe chipukuta misozi, ndipo anadzudzula utsogoleri wa polisi polephera kufufuza nkhaniyo moyenera.

Pa nkhani zitatu zonsezi, ya Chasowa, ya Lule ndi ya ku Msundwe, choonadi chinatuluka kudzera mwa anthu akunja: dotolo, majaji, maloya, bungwe la ufulu. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wofufuza yemwe anaphunzira limodzi ndi woganiziridwa kusukulu ya apolisi ku Kanjedza kapena ku Mtakataka, yemwe amakhala naye khomo loyandikana kumalayini, dzanja lake limalemera. Opanga malamulo anaziona zimenezi, n'chifukwa chake lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Chodabwitsa n'chakuti bungweli linakhala pa pepala pokha kwa zaka pafupifupi khumi, mpaka boma linasankha Christopher Tukula kukhala mkulu wake woyamba, Lule atafa kale, za ku Msundwe zitachitika kale.

Tisanamizane, wapolisi wamba amagwira ntchito movutika. Malipiro ndi ochepa, nyumba zambiri zakumalayini n'zakale, ndipo pali mapolisi omwe wodandaula amauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta. Alipo ambiri omwe amakana "ya fanta" palodibuloko, omwe amalemba lisiti ya boma pa chindapusa chilichonse, omwe amayenda wapansi usiku kukapulumutsa mwana. Amenewa ndi omwe amavulala kwambiri bodza likanenedwa m'dzina la polisi, chifukwa mboni zimaleka kubwera, ndipo anthu akagwira wakuba amathamangira kufuna petulo m'malo moimbira apolisi.

Chomwe chikufunika kwa akuluakulu ku Area 30 si chovuta kumvetsa. Munthu akafera m'chitokosi kapena akawomberedwa ndi wapolisi, mneneri asathamangire kutchula chomwe chamupha dotolo asanapime mtembo. Anene zomwe zadziwika, okhudzidwa ayambe aima pantchito, ndipo mafayilo apite kwa ofufuza oima paokha tsiku lomwelo. Ndipo inu awerengi, mbale wanu akamangidwa, funsani mlandu wake, lembani dzina la wapolisi ndi nthawi yomwe wamangidwa, werengani maola 48 aja, ndipo musapereke ndalama ya belo ya kupolisi. Mukachitidwa nkhanza, dandaulo lanu kalipereke ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission.